Tinapita kutchuthi, tinabwerako opulumuka

Ndikuuzani nkhaniyi monga ndingauzire mchemwali wanga, chifukwa anthu akandifunsa kutchalitchi kapena pamsika wa Chilenje ndimangoti Mulungu ndi wamkulu, kenako n'kusintha nkhani. Kukamwa kumandiuma. Ine, amuna anga ndi ana athu awiri tinali ku Chilobwe, mumzinda wa Blantyre, usiku umene phiri la Soche linatsikira anthu mu Marichi 2023. Tinapitako kukacheza basi. Tinabwerako tonse amoyo, koma ena amene tinadya nawo nsima Loweruka sitinawaonenso.

Timakhala ku Woodlands, mumzinda wa Lusaka, chakufupi ndi Chindo Road. Kuyambira tili pachibwenzi, ine ndi amuna anga takhala tikukangana pa nkhani imodzi, ya kayendedwe ka ulendo. Iwo ndi munthu wa ndondomeko. Ngakhale ulendo wa ku Kafue pomwepa amakhala pansi n'kulemba nthawi yonyamuka, pothirira mafuta, podyera, ndalama ya pachipata cha msewu, mpaka poimira ana kuti ataye madzi. Ine ndine wa "tikaona konko". Kwa ine tchuthi ndiye kuvula wotchi. Ndikapeza munthu wa nkhani zokoma pamsewu ndikhoza kutha naye ola lathunthu, uku iwo akugogoda chiwongolero ndi chala.

Chaka chimenecho kalendala inatikomera mtima. Tsiku la Amayi, pa 8 Marichi, linagwa Lachitatu. Tsiku la Achinyamata, pa 12, linagwa Lamulungu, ndiye tchuthi chinasunthira Lolemba pa 13. Amuna anga anaziona zimenezi kale mu Januwale. Anapempha Lachinayi ndi Lachisanu kuntchito, anapemphera ana kusukulu, n'kulemba pepala lawo lija. Linati tikagona ku Chipata, kenako kwa azakhali anga ku Chilobwe, Loweruka tikaone phiri la Mulanje n'kugona konko, Lamulungu tibwerere kwa azakhali, Lolemba m'bandakucha tiyambe wobwerera ku Lusaka. Anakonzanso kachikwama kakuda kamene ine ndinkakatcha chipatala: tochi, mapasipoti m'pepala la pulasitiki, batire yotchajira foni, kabotolo ka klorini chifukwa ku Malawi kunali kolera, ndi mankhwala opopera m'kamwa a mwana wathu wamng'ono, yemwe ali ndi mphumu.

Ulendo wopita unali wokoma. Tinadutsa Chongwe dzuwa lisanatuluke, tinakhotakhota m'mapiri a Manenekela, pa Luangwa Bridge ndinachedwetsa anthu potsitsa mtengo wa nsomba zouma, pa Nyimba ndinawachedwetsanso ndi nthochi. Pa Mwami tinalowa m'nyumba yatsopano ya pachipata, imene inali itangotsegulidwa mu Disembala 2022, ndipo amuna anga anamwetulira poona kuti mapepala awo onse a galimoto anali m'malo mwake. Tinadutsa Lilongwe, Dedza, Ntcheu, tinaoloka Shire pa Zalewa, n'kufika kwa azakhali kukuda. Nyumba yawo inali m'munsi mwa phiri, kanjira kake kotsetsereka ndi kokumbika, choncho amuna anga anasiya galimoto kumunsi, pabwalo la mpanda limene anali atapangana kale ndi eni ake pafoni.

Loweruka kunacha kuli mitambo, kamvula kakuwaza, mphepo ikuomba mosinthasintha. Pepala linati Mulanje. Ine ndinati ayi, ndatopa, azakhali sindinacheze nawo mokwanira, phiri silithawa. Tinakangana chonong'ona kuseri kwa nyumba kuti azakhali asamve. Iwo anati ndalama ya malo ogona inaperekedwa kale. Ine ndinati ndalama si mwana. Anakwiya, anakakhala pakhonde ndi foni yawo. Ine ndinatenga mwana wamng'ono n'kukwera kwa aneba a kumtunda, mayi wogulitsa tomato ndi makala, amene anandilandira ngati tinakulira limodzi. Tinasadzula nkhwani, tinaseka za Chinyanja cha ku Lusaka, anandiuza za malemu amuna awo, tinadya. Mwana wawo wamwamuna, mnyamata wa kabaza, anamupangira mwana wanga galimoto ya mawaya, ndipo madzulo anamuberekera kwathu mpaka kukamugoneka m'chipinda chakumbuyo, mmene tinkagonamo.

Usiku umenewo mvula inayamba yeniyeni. Lamulungu lonse sinakate. Wailesi inkanena za namondwe wa Freddy, kuti walowa ku Mozambique cha ku Quelimane, ndipo a zanyengo ankachenjeza anthu a m'mphepete mwa mitsinje ndi m'malo otsika kuti asamuke. Ndikuuzeni zoona, ife a ku Lusaka sitilidziwa phiri. Kwathu n'kwa thyathyathya. Mvula ikachuluka timaganiza za madzi odikha m'misewu ndi za anzathu a ku Kanyama amene amadzuka madzi ali pansi pa bedi. Ndinkati pamtunda ndiye pabwino. Azakhali nawo anati, "Mwana wanga, namondwe wa Ana anadutsa chaka chatha, Gombe anadutsa, nyumba ino ili chilili. Tipemphere tigone." Magetsi anali atazima. Tinapemphera ndi kandulo.

Pakati pa usiku amuna anga anandigwedeza. "Mayi, dzukani. Ndi mvula iyi tiyenda pang'onopang'ono, tinyamuke msanga." Ndinadandaula. Ndinati ndani amayenda usiku wotere. Koma ndinadzuka. Tinaveka ana majuzi ndi nsapato. Azakhali anadzukanso kuti atiwiritsire tiyi pambaula. Amuna anga anakoleka kachikwama kakuda kaja paphewa. Wamng'ono atavala anabwerera pamphasa m'chipinda chakumbuyo, tulo n'kumutenganso.

Ndiye tinamva.

Silinali bingu. Bingu limatha. Ichi sichinkatha. Chinkabwera. Makapu anayamba kulira pathebulo. Pansi pankanjenjemera m'mapazi. Azakhali anataya ketulo.

"Napolo! Apongozi, tengani ana! Napolo!"

Amuna anga anagwira wamkulu dzanja lina, azakhali dzanja lina. Ine ndinathamangira kumbuyo. Ndinagwa pamwana. Ndinamunyamula. Khoma linaphulika.

Mdima. Kuzizira. Matope m'maondo. Matope m'chiuno. Chitseko chinadzitseka. Ndinakankha. Sichinasunthe. Chinthu cholemera chinandimenya m'nthiti, mpweya unandithera. Ndinakweza mwana pamutu. Mchenga m'mano. Fungo la dothi, la chimbudzi, la mitengo yothyoka. Mwana sankalira. Ankangokoka mpweya, kulira kwa m'chifuwa kuja. Ndinakuwa dzina la Yesu. Ndinakuwa amayi anga amene anamwalira kalekale. Matope anafika pamawere.

Kenako galasi linasweka.

"Amayi a ku Zambia! Amayi a ku Zambia! Mwana ali kuti?"

Anali mnyamata wa kabaza uja. Anapinda zitsulo za pawindo ndi mpini wa khasu. Ndinapereka mwana mumdima, osaona manja amene ankamulandira. Kenako manja omwewo anandigwira m'khwapa. Anakoka. Matope ankandikokera pansi. Nsapato ina inatsala. Chikhadabo cha chala chachikulu chinatsala nayo. Zitsulo zinandisenda msana. Ndinagwera panja chafufumimba, mvula ikundimenya, ndikusanza madzi akuda.

Ndinaona kuwala kukuvinavina kumunsi. Tochi. Amuna anga anali atailuma m'kamwa, azakhali ali kumsana kwawo, wamkulu atawagwira lamba. Ankabwerera kudzatifuna. Ndinamva mawu awo akundiitana ndi dzina langa la paubwana, limene sanalitchulepo pagulu chikwatirane. Ndinayankha. Anakhala pansi m'matope momwemo n'kulira.

Tinatsika ndi anthu ena, ambiri ali ndi zovala zogonera, ena opanda chilichonse. Tochi imodziyo inatsogolera gulu lonse. Mnyamata uja anatiperekeza mpaka pamsewu, anandipatsa mwana, n'kuti, "Ndikaone amayi." Anali atatuluka kukatsegula ngalande kuseri kwa nyumba yawo pamene chinthucho chinadutsa. Anamva kukuwa kwanga, anadziwa chipinda, anayamba wathamangira kwa ife. Anabwerera kumtunda akuthamanga.

Tinakafika pasukulu ya Naotcha, kumene anthu ankathawira. M'kalasi munali mdima ndi kulira. Mwana wanga milomo inali itayamba kuda. Amuna anga anatsegula kachikwama kaja manja akunjenjemera, anapeza mankhwala ali ouma m'pulasitiki, anamupopera. Tinadikira. Anamupoperanso. Chifuwa chinamasuka pang'onopang'ono, ndipo analira kulira kwenikweni, kokweza, kopempha madzi. Sindinamvepo nyimbo yokoma kuposa kulira kumeneko. Mayi wina amene sindimudziwa mpaka lero anavula chitenje chake chapamwamba n'kundifunditsa, chifukwa diresi langa linali litang'ambika kumsana konse. Sanalankhule kanthu. Anangondisisita paphewa n'kubwerera pamene anakhala.

Kutacha ndinatuluka kukaona. Mvula inali ikugwabe. Kuchokera pamwamba pa phiri kunali mzere wofiira, wotakata, wotsika mpaka m'nyumba za anthu, ndipo m'njira yake munali miyala yaikulu ngati maminibasi, itakhala pamene dzulo lake panali makomo, mabafa ndi zingwe zoyanikira zovala. Nyumba ya azakhali inatsala chipinda chochezera chokha. Ya aneba a tomato aja kunalibe ngakhale maziko. Abambo ankakumba ndi makasu, mafosholo ndi manja. Akapeza munthu ankayamba akhala chete, kenako amayi ankayamba maliro. Ankanyamula anthu pazitseko ndi pamalata, atawafunditsa zitenje zonyowa. Mnyamata uja ndinamupeza akukumba yekha ndi khasu lomwe lija, zikhato zikutuluka magazi. Ndinagwada pambali pake. Ndinalibe mawu. Anandiyang'ana n'kufunsa, "Mwana akupuma bwino?" Amayi ake anapezeka tsiku lotsatira.

Galimoto yathu inali yosakhudzidwa m'mpanda muja, thanki yodzaza, chifukwa pepala linati mafuta athiridwe Loweruka. Tsiku limenelo sinapite ku Lusaka. Inanyamula azakhali, amene mwendo unathyoka, ndi ena ovulala kupita ku chipatala cha Gulupu, n'kubwerera kudzatenga ena. Kuchipatalako anthu anali mbwee m'makonde, matope mpaka m'tsitsi, anamwino akuthamanga osapuma. Pepala la ndondomeko lija amuna anga analipeza m'thumba la thalauza litasanduka phala, ndipo analitaya osanena kanthu. Kabotolo ka klorini kanazungulira m'kalasi mwathu, ndowa ndi ndowa, popeza mipopi inali youma ndipo aliyense ankaopa kolera. Batire ija inadzutsa mafoni a anthu angapo. Ndinaona gogo wina akuuza mwana wake wa ku Johannesburg kuti ali moyo, kenako n'kumuwerengera mayina a amene sanapezeke. Nanenso ndinaimbira mnansi wathu wa ku Woodlands, amene anali ataona zithunzi pa Facebook. Atamva mawu anga anangokuwa, foni n'kugwa.

Lolemba lomwelo boma linalengeza kuti chigawo chakummwera chagweredwa tsoka. Lachitatu pa 15 Marichi, Pulezidenti Lazarus Chakwera anabwera ku Chilobwe pamwambo wa maliro, ndipo dziko linalowa m'masiku 14 olira. Ndinaima kumbuyo, phazi litamangidwa nsanza. Mabokosi anandandalikidwa pamzere. Ena anali aafupi kwambiri. Ndinagwira ana anga mpaka wamkulu anati ndikumupweteka.

Azakhali ali pabedi kuchipatala anandiuza za Napolo, njoka ya pansi pa phiri imene akuluakulu amati ikamasamuka imagumula zonse za m'njira yake. Anati inatuluka ku Zomba mu 1946, inatulukanso ku Phalombe mu Marichi 1991. Ena amati ndi mitengo imene inatha m'phiri, dothi n'kusowa choligwira mvula itakhuta. Ine ndinamva phokoso lake ndipo sinditsutsana ndi aliyense wa iwo. Ku Mulanje kumene pepala linkafuna kuti tikagone, ndi ku Phalombe, madzi ndi miyala zinakokolola midzi ndi milatho. Tikanapita, sindikudziwa ngati Lamulungu tikanapeza njira yobwererera. Tinatsala, phiri lina n'kutipeza komweko. Nthawi zina usiku ndimaziwerengera zimenezi mpaka mutu kuwawa, ndipo sizitha kuwerengeka.

Titasiya azakhali m'manja mwa mwana wawo ku Lilongwe, tinabwerera ndi msewu womwe uja. Palibe anayang'ana wotchi. Pa Katete amuna anga anaimika galimoto pambali popanda chifukwa, anatsamira chiwongolero, mapewa akugwedezeka. Ndinawasiya mpaka anamaliza. Titalowa mumpanda mwathu ku Woodlands tinapeza amayi a kumpingo atatidikira ndi mapoto. Anandisambitsa ngati mwana. Matope ankatulukabe m'makutu patapita masiku.

Ndili kunyumba ndi pamene ndinamvetsa chimene chinatipeza. Freddy anabadwira kutali, kufupi ndi Australia, kumayambiriro kwa Febuluwale. Anaoloka nyanja yonse ya India, anamenya Madagascar, analowa ku Mozambique cha ku Vilankulo pa 24 Febuluwale, anafooka, ambiri n'kuyesa kuti watha. Koma anabwerera panyanja, anatenganso mphamvu, n'kudzalowanso pa 11 Marichi. Bungwe la zanyengo la dziko lonse linadzatsimikiza kuti anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku awo. Ku Malawi anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 500,000 anasowa pokhala. Pepala la amuna anga linalembedwa mu Januwale. Silikanamudziwa namondwe amene anali asanabadwe. Nanenso "tikaona konko" wanga sakanamuona mumdima uja.

Thupi linachira msanga kuposa mtima. Nthiti zinapola, chikhadabo chinamera china chokhota. Koma lole ikadutsa usiku cha ku Mosi-o-Tunya Road ndimadzidzimuka nditaima kale pakhomo pa chipinda cha ana. Anthu akakuwa chigoli ku Woodlands Stadium mtima umandigunda m'khosi. Mvula yoyamba ya Novembala itagwa pamalata, wamng'ono anabwera kudzagona pakati pathu atavala nsapato, ndipo sitinamuvule. Abusa ndi mlangizi wina anatithandiza kulankhula, ndipo pang'onopang'ono tikugona. Mnyamata uja timalankhula naye pafoni. Ana anga amamutcha amalume.

Mkangano wathu wakale uja unathera ku Chilobwe, ndipo palibe anapambana. Usiku wina amuna anga anandiuza kuti, "Mayi, mukanapanda kukacheza kumtunda kuja, ndani akanadziwa kuti kumbuyo kuli mwana?" Ndinawayankha kuti, "Bambo, mukanapanda kutidzutsa, phiri likanatipeza tonse pamphasa." Zonsezo n'zoona. Mulungu anatenga kuuma mutu kwawo ndi kuchedwa kwanga n'kupangira zonse ziwiri njira yotulukira. Chimene sindinena n'chakuti tinapulumuka chifukwa chochenjera. Mayi wa tomato uja sanali wopusa kuposa ine, ndipo ankapemphera kuposa ine.

Timayendabe. Tinapita ku Siavonga, tinapita kumudzi ku Petauke. Amuna anga amalembabe pepala, koma tsopano ndi lalifupi. Maola odyera ndi oimira anachokamo. Munatsala zimene zimasunga moyo: mankhwala a mwana, tochi, mapepala m'pulasitiki, mafuta odzaza usiku usanafike, ndalama yapadera, nambala ya munthu wa kunyumba amene akudziwa kumene tagona, ndi tsiku limodzi lopanda kanthu loti tikhoza kuchedwa kapena kubwerera. Kachikwama kakuda kaja ndimalongedza ndine. Za nyengo timamvetsera m'mawa uliwonse tili paulendo, osati ponyamuka pokha, ndipo tinagwirizana kuti ndalama imene yaperekedwa kale sidzatikakamiza kupita kapena kukhala paliponse. Ndikaima kucheza ndi munthu pamsewu, chala chija sichigogodanso chiwongolero. Nthawi zina amatsika n'kudzapereka moni.

Inu amene mukukonza ulendo, makamaka wa m'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndikupemphani zinthu zochepa. Ngati ndinu wolemba ndondomeko, lembani, koma wailesi ikanena zosiyana ndi pepala lanu, mverani wailesi. Ngati ndinu wa "tikaona konko" ngati ine, nyamulani tochi ndi mankhwala, musaseke amene amanyamula. Mukafika kumene mukagone, yang'anani chimene chili kumtunda kwa nyumbayo ndi kumene madzi amadzera, funsani kothawira kusanade, ndipo perekani moni kwa aneba, adziwe kuti muli ndi ana ndi chipinda chimene agona. A zanyengo akati samukani, samukani dzuwa likadalipo, ngakhale eni nyumba akuuzeni kuti chaka chatha sichinachitike kanthu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo mukamapemphera, kumbukirani anthu a ku Chilobwe, Mulanje ndi Phalombe amene ena mwa abale awo sanapezeke mpaka lero.